Gogo Sara a ku El Plan ndi nkhalamba zina za m'nyimbo za vallenato

Kumpoto kwa dziko la Colombia kuli nyimbo ina yotchuka imene nkhani yake ndi yochepa zedi. Mnyamata analonjeza kukaona mayi wina wachikulire kumudzi wa kumapiri, ndiye wauyamba ulendo kuopa kuti agogowo angamunene kuti anawataya. Wawatengera kamphatso, nsalu yoyera ndi mkanda wa m'khosi, kuti akasoketse diresi aziyenda monyadira m'mudzimo. Wafika usiku ali ndi mnzake, ndipo akuodira ali panja. Yathera pomwepo. Mulibe chibwenzi, mulibe maliro, mulibe ngakhale langizo. Koma nyimboyi, La vieja Sara, imene anapeka Rafael Escalona, anthu akuiimbabe ngakhale kuti wopekayo ndi agogowo onse anatsikira kulichete.

Mayiwo analipodi. Dzina lawo linali Sara Baquero, ndipo ankakhala ku El Plan, kamudzi ka m'mapiri a Serranía del Perijá kufupi ndi malire a Venezuela. Mnyamata wa m'nyimboyo ndi Escalona mwiniyo, ndipo mnzake uja ndi Poncho Cotes, mphunzitsi wokonda zoimba. Ana awiri a Gogo Sara, Emiliano Zuleta ndi Toño Salas, anali akatswiri a akodiyoni, ndipo adzukulu awo, Poncho ndi Emilianito Zuleta, ndiwo anayamba kulandira mphoto ya Latin Grammy ya nyimbo za mtunduwu itakhazikitsidwa mu 2006. Mtundu wa nyimbozi umatchedwa vallenato. Muli nyimbo zachikondi zambirimbiri monga kulikonse, koma chimene chimandikoka ine ndi kagulu ka nyimbo zonena za nkhalamba zenizeni zakumudzi, zotchulidwa dzina, mudzi ndi khalidwe lake. Kuti timvetse chifukwa chake gogo wopanda udindo uliwonse angakhale mwini nyimbo, tiyambe ndi dera lenilenilo.

Mzinda wa Valledupar uli m'chigwa chotentha pakati pa mapiri awiri, Sierra Nevada de Santa Marta mbali ina, Perijá mbali inayo. Ndi dziko la ng'ombe. Misewu yabwino inafika mochedwa, nyuzipepala sizinkafika m'midzi, ndipo ambiri mwa antchito a m'mafamu sankadziwa kuwerenga. Oweta ng'ombe anali ndi nyimbo zawo zokusira ziweto, ndipo anthu ankadziwa kale kupeka mavesi a mizere inayi kapena khumi monga anasiyira Asipanishi. Akodiyoni itafika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, kudzera m'madoko a m'mphepete mwa nyanja ya Caribbean, inapeza anthu ali ndi mawu kale, ikungosoweka yowanyamulira. Panabuka amuna oyenda mudzi ndi mudzi pa bulu, chida chili kumsana, akuimba za amene wamwalira, amene wathawitsa mwana wa eni, ng'ombe zimene zabedwa, ndi mtsinje umene wasefukira. Kumeneko amawatcha juglares. Wotchuka pa onse ndi Francisco el Hombre, amene nthano imati anakumana ndi Satana usiku panjira, napikisana naye kuliza akodiyoni, namugonjetsa poimba pemphero la Chikhulupiriro cha Atumwi chobwerera m'mbuyo.

Chidacho n'chachilendo ndithu. Chinalembetsedwa koyamba ku Vienna mu 1829, ndipo zimene amaliza ku Valledupar mpaka lero ndi za kampani ya Hohner ya ku Trossingen, ku Germany. Si akodiyoni ya makiyi ngati a piyano ayi, koma ya mabatani. Yotchuka kwambiri, Corona III, ili ndi mabatani 31 m'mizere itatu kudzanja lamanja ndi 12 a mawu okhuthala kumanzere. Pakati pali mvukuto wonga wa osula zitsulo, umene umapopera mpweya pa timalilime tachitsulo. Batani lililonse lili ndi mawu awiri: ukakankha mvukuto limalira ena, ukakoka limalira enanso. Choncho woliza amangokhalira kukoka ndi kukankha mwachangu, ndipo n'chifukwa chake nyimbo zake zimamveka zodumphadumpha ngati munthu wolankhula akupumira m'mwamba. Vuto lake n'lakuti akodiyoni imodzi imangokwanitsa makiyi ochepa. Woimba akafuna kukweza kapena kutsitsa mawu, pamafunika chida china, kotero akatswiri amayenda ndi akodiyoni zingapo. Panabukanso amisiri osegula chidacho n'kupala timalilime tija kuti tilire mogwirizana ndi khosi la woimba wakumeneko. Mmodzi wa iwo, Ovidio Granados wa ku Mariangola, anatchuka mpaka anthu kumamutcha dokotala wa akodiyoni.

Akodiyoni imayenda ndi anzake awiri. Pali caja, kang'oma kakafupi kopanidwa pakati pa maondo n'kumaombedwa ndi manja, ndi guacharaca, kandodo kosemedwa timizere kamene amakakwecha ndi kafoloko ka waya. Dzina loti guacharaca analitenga ku mbalame ina yaphokoso ya m'tchire. Mabuku amakonda kunena kuti akodiyoni ikuimira Azungu, ng'oma ikuimira akapolo ochokera ku Africa, kandodoko kakuimira eni nthaka. Ndi nkhani yokoma kuimva, koma ine ndimaiona kuti yasalala mopitirira. Anthu sanagawane zida motsata khungu. Ambiri mwa oliza akodiyoni akale, monga Alejo Durán wa ku El Paso, anali anthu akuda ogwira ntchito m'makola a ng'ombe. Mayendedwe a nyimbozi alipo anayi: paseo, merengue, son ndi puya. Son ndi yodekha ndi yachisoni, puya ndi yothamanga yoonetsera luso la zala. Nyimbo za nkhalamba zambiri zili mu paseo ndi merengue, pakuti m'menemo ndi mmene nkhani imakwanira bwino popanda mawu kumezedwa.

Tsopano tifike pa phata la nkhaniyi, pa chimene amachitcha parranda. Mawuwa tikhoza kuwamasulira kuti phwando, koma tiphonya. Parranda yeniyeni si ya gule. Anthu amakhala mozungulira pansi pa mtengo kuseri kwa nyumba, nthawi zambiri wa mango, oimba atatu aja ali pakati. Botolo limayenda, mphika wa msuzi wa mbuzi uli pamoto, ndipo nyimbo ikayamba aliyense amatchera khutu, chifukwa mawu ake ndi amene abweretsa anthu. Pakati pa nyimbo ndi nyimbo pamakhala nthabwala ndi nkhani. Zikhoza kutenga masiku awiri kapena atatu. Ndiye funsani: bwalolo ndi la yani? Mbuziyo wapha ndani? Alendo oledzerawo agona pati? Yankho lake nthawi zambiri linali munthu wachikulire wa m'mudzimo, mayi kapena bambo amene khomo lake silitsekedwa. Gogo Sara anali munthu wotero ku El Plan. Woimba wosauka analibe chobweza nacho, ndipo ngakhale wopeza bwino ngati Escalona sakanatulutsa ndalama kulipira chakudya cha pakhomo la eni popanda kunyoza. Chobweza chake chinali nyimbo. Ikakoma, oimba ena ankaitenga n'kupita nayo kumidzi ina, dzina la agogo n'kumveka kumene iwo sanapondeko.

Apa m'pamene pali kusiyana ndi nyimbo zotamanda mafumu kapena andale. Wotamanda amakuza munthu mpaka kumusandutsa phiri kapena mkango, ndipo mawu omwewo akhoza kuwaimbira mfumu ina mawa. Wopeka vallenato amachita zosiyana: amamuchepetsa munthuyo kufika pa msinkhu wake weniweni, n'kugwira kanthu kamodzi kamene ndi kake yekha. Kwa Gogo Sara kanthuko n'kakuti amadandaula ukachedwa kuwaona, ndiponso kuti ngakhale akalamba amafunabe kutchena. Ndi nthabwala ya mdzukulu kwa agogo ake, ya chinansi, yonga ija mnyamata amatcha agogo ake aakazi kuti mkazi wanga. Ulemu wake uli poti wawayang'anitsitsa.

Chitsanzo chabwino koposa ndi Compae Chipuco, nyimbo ya Chema Gómez wa ku Fonseca. Woimbayo akuti ali paulendo anaima ku Valledupar, ndipo pabwalo la mzindawo anakumana ndi kankhalamba kolongolola, nakafunsa dzina. Kuchokera pamenepo nkhalambayo ndiyo ikulankhula yokha. Ikutchula dzina lake lachibwana, ikuti imakhala m'mbali mwa mtsinje wa Cesar, imavala chipewa cha mlomo waukulu, imakonda kachasu wa nzimbe, ndipo sikhulupirira za aliyense kupatula ochepa, mmodzi wa iwo Pedro Castro, wandale wakwawo. Munthuyo analipo, dzina lake lenileni Antonio Guerra Bullones. Mawu oti compae ndi chidule cha compadre, dzina limene bambo wa mwana ndi amene anamuimira mwanayo pa ubatizo amaitanirana, koma kumeneko linafalikira mpaka kukhala ngati mmene ife timanenera kuti achimwene kwa munthu amene si m'bale.

Koma mzere wofunika kwambiri m'nyimboyi ndi umene a Chipuco akudzitama kuti ndi mvallenato weniweni chifukwa miyendo yawo ili ndi mawanga. Akunena za carate, matenda a pakhungu amene anali ofala m'zigwa zotentha za kumeneko ndipo ankasiya zigamba zoyera. Anthu amatsutsana za chiyambi cha dzina loti vallenato. Ena amati limangotanthauza wobadwira m'chigwa. Ena amati linali chipongwe, lochokera ku liwu la Chisipanishi lotanthauza mwana wa namgumi, pofanizira khungu lamawanga la amphawi a m'mbali mwa mitsinje. Mulimonsemo, panali nthawi imene munthu wolemekezeka wa ku Valledupar sankafuna kutchedwa dzinali. Ndiye taonani zimene nyimboyi yachita: yatenga chilema chimene anthu ankasekera amphawi, yachiika m'kamwa mwa nkhalamba yosachita manyazi, chasanduka chidindo cha mwini dera. Lero dzinali ndi limene dera lonse likudyera.

Sindikufuna kuti muganize kuti nkhalamba zonse zinkasangalala kulowa m'nyimbo. Escalona yemweyo anapeka La patillalera, yonena za mayi wachikulire wa ku Patillal, kwawo kwa wopekayo, dzina lawo Juana Arias. Mayiwo anafika ku Valledupar atavala zakuda mooneka bwino, nayambitsa chiphokoso chifukwa mdzukulu wawo wapamtima anathawitsidwa ndi mwini galimoto. Nyimboyi ndi yoseketsa, ndipo mayiwo amaoneka amphamvu, osaopa akuluakulu a m'tauni. Koma taganizani muli inu: tsoka la pakhomo panu likuimbidwa m'mabwalo onse, dzina lanu lili momwemo, ndipo mulibe poyankhira. Mwamuna woliza akodiyoni akanyozedwa ankabweza ndi nyimbo yake. Gogo wamkazi analibe chida. Amene anakulira pafupi ndi mtondo akudziwa mmene nyimbo yotchula dzina imalasira, koma pamtondo mnzako amatha kukubwezera mawa lake. Apa mphamvu inali mbali imodzi, ndipo ndi bwino kuzivomereza m'malo mongoti zonse zinali chikondi.

Palinso nyimbo zimene nthabwala imachepa, chisoni n'kukula. Adolfo Pacheco, wa ku San Jacinto m'mapiri a Montes de María, kutali ndithu ndi Valledupar, anapeka El viejo Miguel yonena za bambo ake. Bizinesi zawo zitagwa, bambowo anasamuka m'tauni yakwawo kupita kumzinda waukulu wa Barranquilla kukafuna mtendere wa mumtima. Mwanayo akuwauza kuti mayi anatsogola kale kumanda, tsopano inunso mukupita nokha kumzinda. Chodabwitsa n'chakuti nyimbo yachisoni chotere ili mu merengue, mayendedwe ofulumira, moti wosamva Chisipanishi akhoza kuiyesa yachikondwerero. Imeneyi ndiyo nkhani ya midzi yambiri ya Colombia m'zaka za m'ma 1960, pamene anthu ankakhamukira m'mizinda, koma nyimboyo siitchula chiwerengero cha osamuka. Ikungotsanzika m'malo mwa munthu mmodzi.

Nanga nyimbo za antchito a m'makola zinatuluka bwanji m'chigwamo? Apa Escalona ndi wofunika, ndipo mbiri yake ili ndi zodabwitsa ziwiri. Choyamba, iye sankaliza akodiyoni. Ankapeka nyimbo m'mutu, akuimba mluzu, n'kupatsa oliza akodiyoni, makamaka Colacho Mendoza. Chachiwiri, anali mwana wa banja lolemekezeka, bambo ake anali msilikali waudindo pa nkhondo yapachiweniweni ya 1899 mpaka 1902, ndipo iye anaphunzira kusekondale ya Liceo Celedón ku Santa Marta. M'masiku amenewo anthu apamwamba ankaiona akodiyoni ngati chida cha zidakwa. Kalabu ya olemera ya ku Valledupar inachita kulemba m'malamulo ake kuti nyimbozi zisamveke m'nyumba yawo. M'maphwando a mabwana, oimba a m'khola ankaloledwa kumapeto kokha, gule wa Chizungu atatha, ndipo gawo limenelo ankalitcha colita, kamchira. Mwana wa mabwana akukwera phiri kukaodira kwa mayi wa kumudzi n'kuwapekera nyimbo, chinali chinthu chooneka. Escalona anali mlatho: ankalowa m'nyumba zonse ziwiri.

Mlathowo unafika patali. Mu 1967 boma linakhazikitsa chigawo chatsopano cha Cesar, likulu lake Valledupar, ndipo bwanamkubwa wake woyamba anali Alfonso López Michelsen, amene pambuyo pake anadzakhala pulezidenti wa Colombia. Iye, Escalona ndi mtolankhani Consuelo Araújo Noguera anayambitsa chikondwerero cha Festival de la Leyenda Vallenata mu 1968, ndipo wopambana woyamba pa mpikisano wake, amene amamutcha mfumu ya akodiyoni, anali Alejo Durán uja wa m'makola. Chikondwererochi chimachitika chakumapeto kwa Epulo chaka ndi chaka, ndipo wopikisana amayenera kuliza mayendedwe onse anayi ndi zida zitatu zokha. Mnzake wina wa Escalona, mlembi Gabriel García Márquez, ankanena kuti buku lake lotchuka la Cien años de soledad ndi vallenato chabe ya masamba mazana angapo, ndipo anamutchulamo Escalona ndi dzina. Pamene García Márquez ankapita kukalandira mphoto ya Nobel ku Stockholm mu 1982, Escalona ndi adzukulu a Gogo Sara aja anali nawo pa ulendowo.

Kutchukako kunabwera ndi mtengo wake, ndipo mtengowo unagwera ndendende pa nkhani ya mayina. Nyimbo zitalowa m'zimbale ndi pa wayilesi, chizolowezi cha pa parranda chopatsa moni mwini bwalo chinalowa nawo mu situdiyo. Woimba amafuula dzina la munthu pakati pa nyimbo, ndipo moniyo amamutcha saludo. Poyamba anali a abwenzi ndi achibale. Koma m'zaka za m'ma 1970 dera la La Guajira ndi mapiri a Sierra Nevada linadzaza ndi ndalama za chamba chopita ku United States, ndipo olemera atsopanowo ankafuna kumva mayina awo m'zimbale. Ankalipira ndi ndalama, ng'ombe ngakhale galimoto. Andale nawo sanatsalire. Mwambo unakhalapobe, dzina la munthu weniweni likumvekabe m'nyimbo, koma tanthauzo linatembenuka. Kale unkalowa m'nyimbo chifukwa uli ndi khalidwe loti anthu akhoza kulisimba, ndipo wopekayo ankasankha yekha choti anene, chokoma kapena chowawa. Dzina logula silibwera ndi nkhani. Limangofuulidwa n'kudutsa, ndipo palibe amene angayerekeze kunena kuti wolipirayo ali ndi miyendo yamawanga.

Nthawi yomweyo makampani a zimbale anaona kuti nyimbo zachikondi ndi zimene zimagulidwa ku Bogotá, ku Medellín ndi ku Venezuela, kumene Juana Arias sakumudziwa aliyense. Nyimbo zosimba nkhani zinachepa. Kenaka nkhondo ya zigawenga ndi magulu a zida inalowa m'midzi ya Cesar ndi La Guajira, anthu n'kuthawa, mabwalo a parranda n'kuzizira. Consuelo Araújo mwiniyo anagwidwa ndi kuphedwa ndi zigawenga za FARC mu 2001. Pamene bungwe la UNESCO linaika vallenato yachikale pa mndandanda wake mu 2015, linaiika pa gulu la chikhalidwe chofunika kutetezedwa mwamsanga. Zimamveka zosokoneza, poti vallenato imalira m'basi iliyonse ku Colombia. Koma chimene chili pangozi si akodiyoni. Ndi bwalo lija la pansi pa mango, pamene wopeka ndi wopekeredwa ankadziwana.

Nyimbo zakale zija zinapezanso moyo wina kudzera mwa woimba Carlos Vives, amene anasewera ngati Escalona m'sewero la pa wayilesi yakanema mu 1991, kenaka mu 1993 anatulutsa chimbale cha Clásicos de la Provincia, atawonjezamo magitala amagetsi ndi ng'oma zamakono. Okonda zachikale anang'ung'udza, koma a Chipuco anamveka mpaka ku Madrid ndi ku Miami, kwa anthu osadziwa n'komwe kuti carate n'chiyani. Nyimbo imene inatchuka koposa m'chimbalecho, La gota fría, ndi ya mwana wa Gogo Sara, Emiliano Zuleta. Anaipeka mu 1938 ali mnyamata, ponyoza Lorenzo Morales wa ku Guacoche, woliza akodiyoni mnzake, kuti anathawa m'mamawa ku Urumita poopa kupikisana naye. Mpikisano wonyozana m'mavesi woterewu amautcha piqueria, ndipo mawu ena a m'nyimboyi ndi achipongwe ndithu, okhudza ngakhale khungu la Morales. Morales anabweza ndi nyimbo zake, ndipo mkanganowo unatenga zaka.

Anyamata awiriwo anadzakalamba, nasanduka iwo eni nkhalamba za m'nyimbo za ena. Zuleta anthu ankangomutcha Viejo Mile, kutanthauza Mile wachikulire, ndipo iye ndi Morales anakhala mabwenzi a ponda apa nane mpondepo, akuitanirana compadre, akukwera limodzi pa nsanja kukaimba nyimbo imene inapekedwa kuti mmodzi wa iwo achite manyazi. Anthu akumeneko amasimba kuti anapangana kuti mmodzi akadzatsogola, wotsalayo asadzagwirenso akodiyoni. Zuleta anamwalira mu 2005 ali ndi zaka 93. Morales anakhalabe ndi moyo mpaka 2011, chida chake chili chopachika.